Chipongwe chimakoma mnzako akamatha kubweza

Kuseri kwa msika ku Ndirande kuli mtengo wa mango, ndipo pansi pake pali bawo lomwe maenje ake anasalala ndi zala za anthu. Madoda awiri, onse imvi zili mbuu, amakumana pamenepo pafupifupi madzulo aliwonse. Wina ndi telala, winayo anapuma pa ntchito ya ulonda. Ndinayamba kalekale kuwaonerera, koma sindinawamvepo akupatsana moni wa "mwaswera bwanji". Telala akangomuona mnzake akutulukira pakona amayambapo: "Uyo akubwera apoyo kape uja. Dzulo unathawa ngati mbuzi yopezedwa m'munda mwa eni, lero wabweretsanso chimutu chakocho?" Mlonda, asanakhale n'komwe pansi, amabweza: "Sendera uko galu iwe. Zala zozolowera zigamba zingatakate bawo zimenezo?" Akatero amagawana nkhomo, mlonda n'kutulutsa mtedza wokazinga m'thumba la jekete, onse awiri n'kumatafuna.

Tsiku lina mnyamata wa kabaza yemwe ankaonerera nafe anatengeka. Telala atadyedwa nkhomo zambiri nthawi imodzi, mnyamatayo anaomba m'manja n'kufuula kuti, "Kape wagwa nayo!" Pamalopo panangoti zii. Mlonda, yemwe anali atangonena zoposa pamenepo, anaima nkhomo zili m'manja n'kumuyang'anitsitsa. "Mwana iwe, awa ndi atate ako. Za ukape ndi za ine ndi iwowa basi." Mnyamata uja anavula chipewa. "Pepani madala, pakamwa panathamanga." Masewera anapitirira, ndipo pasanathe mphindi zisanu telala anali atatchedwanso galu.

Liwu lake lomwelo, mtengo womwewo, wonenedwa yemweyo. Chinasintha ndi pakamwa potulukira liwulo. Nkhani yonse ya chipongwe cha pachinzake yagona pamenepa, ndipo ambiri amene amaikamba amaiphonya. Alipo amene amati kugemulana konse ndi kuwola kwa khalidwe, ana a masiku ano atha ulemu ndipo awononga Chichewa chomwe. Aliponso amene amamulasa mnzawo mpaka pamtima, kenako n'kubisala kuseri kwa "aaa, inali nthabwala chabe, nawenso sukuchedwa kupsa mtima". Onsewa maso awo ali pa liwu lokha, wina akuliopa, wina akulichepetsa. Ine ndimafunsa china: wonenedwayo ali ndi pakamwa pobwezera? Akamabweza mopanda mantha, mawa n'kudzabweranso yekha pansi pa mtengo womwewo, umenewo ndi ubwenzi ndipo ndikuuikira kumbuyo. Koma akamangomeza malovu chifukwa kubweza kungamupweteketse, imeneyo ndi nkhanza, ngakhale mawuwo atayera ngati ufa wa pamphasa.

Amene amati zonsezi zabwera ndi mafoni aiwala kumudzi kwawo. Makolo athu anachikonzera malo chipongwe m'kati mwenimweni mwa chibale. Mwana wa amalume ako kapena wa azakhali ako ndi msuweni, ndipo msuweni umamusereula mmene ungafunire: kumulanda chipewa, kumunena ulesi, kumuuza pagulu kuti palibe angamukwatire kupatula iwe womumvera chisoni. Iye amabweza moposa, akuluakulu ali pomwepo akuseka. Agogo aakazi amatcha mdzukulu wawo wamwamuna kuti amuna awo. Agogo anga ankandilandira chonchi ndikapita kutchuthi: "Mwafika amuna anga opanda khasu? Mwanditengera chiyani, kapena mwangobweretsa mimba?" Ine ndinkayankha kuti ndikafuna mkazi wina wa mano onse, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola, uku akundisendera mbatata. Mawu amenewo ndikanati ndiwalankhule kwa amayi, bwenzi nditagona ndi njala. Mkamwini yemwe wasereulana ndi alamu ake m'mawa, masana akaona apongozi akubwera m'njira amapatuka n'kunjuta. Munthu mmodzi, tsiku limodzi, apa chipongwe apo manyazi, ndipo sasokoneza.

Abale athu a ku Zambia anaukuza mwambowu mpaka kufika pa mitundu yathunthu. Angoni a kwa Mpezeni ndi Abemba anamenyanapo nkhondo m'zaka za m'ma 1800, koma lero ali pa chimbuya. Mbemba amamuseka wa ku Chipata kuti amadya mbewa, wa ku Chipata n'kubweza kuti bola mbewa kusiyana ndi nyani. Pamaliro a mbali imodzi, a mbali inayo amabwera kudzathira anamfedwa ufa kapena paudala ndi kuwaseketsa misozi ili m'masaya, ndipo ndi omwewonso amathamanga ndi ntchito za pasiwa. Ku Tanzania zoterezi amazitcha utani. Anthu amene anabayanapo ndi mikondo anapeza kuti kuli bwino kubayana ndi pakamwa, pokhapokha mbali zonse zili ndi ufulu wofanana. Kwathu kunonso, nyimbo zina za kuchinamwali ndi za gule zili ndi mawu amene munthu sangawatchule pachitsime. Makolo ankadziwa kuti zolaula zili ndi bwalo lake ndi nthawi yake.

Chimene chinanditsegula maso kwenikweni ndi matenda a mnzanga amene tinakulira limodzi. Pagulu lathu iye ndiye anali mwini pakamwa. Aliyense anali ndi dzina lochokera kwa iye, ndipo ena mayina amenewo anawakanirira mpaka ana awo akuwadziwa. Atagonekedwa m'chipatala kwa milungu yambiri, tonse tinasintha osapangana. Tinkalowa mu wodi monyang'ama, kukhala m'mphepete mwa bedi, n'kufunsa motsitsa mawu: "Mukupezako bwanji achimwene?" Tsiku lina ena atatuluka anandigwira pamkono. Dzanja lake linali lopepuka ngati phesi. "Aise, tandiuza zoona. Adokotala akuuzani chiyani? Bwanji nonse mwayamba kunditi achimwene?" Ulemu wathu unamuopsa kuposa dripu yomwe inali pamkono pake. Kwa iye "inu" ameneyo anali ngati nsalu yophimba maliro.

Patapita masiku awiri kunabwera mnzathu wina wochokera ku Mzuzu. Anaima pakhomo la wodi jumbo ya malalanje ili m'manja, n'kuyamba: "Ndiye iweyo fisi iwe, wadzagona kuno kuthawa ngongole yanga? Taonani miyendo ngati ya udzudzu. Dzuka undipatse zanga!" Mayi wina wodikirira wodwala pabedi loyandikana anagwira pakamwa. Koma mnzathu uja anaseka mpaka kugwira nthiti, anabweza za mphuno ya mlendoyo, ndipo madzulo amenewo anamaliza phala lonse. Anachira ndi mankhwala, chipongwe sichichiza munthu. Chimene chinachita ndi kumuuza kuti tikumuwerengerabe pakati pa amoyo, kuti akadali munthu woti n'kulimbana naye. Amuna ambiri a kuno sitinaphunzitsidwe kuuza mnzathu kuti timamukonda. Mawu amenewo amatikanika pakhosi. "Fisi iwe" uja ananyamula zonsezo, ndipo wodwalayo anazimva bwinobwino.

Chipongwe chotere chimayenda ndi mawu opeka, aja ena amawatcha Chibrazi, kuchokera ku brazi, kutanthauza mbale. Nawonso amaimbidwa mlandu womwewo wakuti ndi zinyalala za m'tauni. Koma tawafukulani muone mizu yake. Madala, mfana, kuvaya: amenewa anabwera m'masutikesi a agogo athu amene anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, kumene ankalankhula Fanakalo ndi chilankhulo cha m'makomboni a ku Johannesburg. Ulendo umenewo unaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, unayambiranso pa Theba, bungwe lolowa m'malo mwa Wenela, n'kudzatheratu cha m'ma 1988, koma mawu anatsala ndipo akuyendabe m'kamwa mwa ana amene mgodi sanauonepo. Mnyamata akamati "masteni andituma", akugwiritsa ntchito liwu limene kumeneko linkanena mayi mwini nyumba ya lendi. Kuno lasanduka mayi wobereka. Amene amanyansidwa ndi mawu amenewa akunyansidwa ndi mbiri ya banja lawo lomwe.

Ndipo onani mmene mawu obwerawa amagonjera malamulo a Chichewa. Kuvaya kumakhala ndavaya, tivaye, sanavaye, amuvayitsa. Ngini imakhala kangini ikachepa, chingini ikakula kapena ikanyansa, tingini zikachuluka. Kufoira kumabala wofoira ndi zofoira. Chilankhulo chimene chikufa sichimeza mawu achilendo chonchi, chimamezedwa ndicho. Ngakhale chipongwe cha ana pabwalo la sukulu chimadalira galamala yomweyi. "Mutu wako" si chitonzo. "Chimutu chako ngati dzungu la pachulu" ndiye chitonzo, ndipo mphamvu yake ili mu chi- ameneyo ndi m'fanizo losankhidwa bwino. Mwana amene amapambana pa mpikisano wa "miyendo ngati, makutu ngati" akuphunzira ntchito yomwe mlakatuli amagwira: kuona kufanana kumene ena sanakuone, n'kukunena msanga mnzake asanapume. Aphunzitsi a Chichewa amavutika kufotokoza zifanifani pa bolodi, pamene kunja kwa windo ana akuzipeka zatsopano mphindi iliyonse.

Dziko lino linayesapo kulondera chilankhulo ngati munda. Chichewa chitakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, kunabwera Chichewa Board mu 1972, ndipo pa wailesi ya MBC anthu ankadzudzulidwa chifukwa cha Chichewa chopindika. Bungwelo linagwira ntchito yofunika pa kalembedwe, ndipo mu 1996 linalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies. Koma nthawi yonseyo achinyamata a ku Ndirande, ku Kawale, ku Chirunga ndi m'masukulu ogonera komweko ankapeka mawu awo usiku ndi usana, mpaka Pulofesa Francis Moto analemba za iwo mu 2001 ngati chilankhulo chatsopano choyenera kuchifufuza. Mlonda wa chilankhulo amagona, pakamwa pa anthu sipagona. Kumbukirani 2019. Mayi Jane Ansah, ali wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho, ankatchula madandaulo a zipani kuti madando. Sabata isanathe liwulo linali paliponse. Mkazi wodandaula za ndalama ya ndiwo ankauzidwa kuti apereke madando ake, mwana wolira ankafunsidwa kuti madando ake ndi otani. Anthu anali okwiya ndi chisankho cha tipeksi chija, chimene khoti linadzachifafaniza mu February 2020, ndipo liwu limodzi loseketsa linawathandiza kusenza mkwiyowo. Ndi mmene timachitira. Ndalama ikasowa timaipatsa mayina ambiri, khusa, dola, hanzi, mita, ngati kuti kuitchula mosiyanasiyana kuichititsa kubwera.

Tsono a mpingo ali ndi mfundo imene sindingailumphe. Amatikumbutsa Mateyu 5:22, pamene wonena mbale wake kuti chitsiru akuchenjezedwa koopsa, ndi Aefeso 4:29 pa nkhani zovunda zotuluka m'kamwa. Ndimawamva, ndipo ndimalemekeza munthu amene anasankha kuti pakamwa pake sipadzatuluka "galu" ngakhale moseka. Komabe ndime ya Mateyu ija ikuyamba ndi kukwiyira mbale. Chimene chikudzudzulidwa ndi mtima wofuna kumupeputsa munthu, kumuchotsa pa umunthu. Mtima umenewo ndauonapo mwa anthu amene satukwana n'komwe. Ndamvapo mayi wa mvano akunena mnzake wosabereka ndi mawu aulemu okhaokha, "tiziwapempherera amayiwa, kaya anachita zotani pa utsikana wawo", ndipo mawu amenewo anapweteka kuposa kape aliyense wa pabawo. Amayi onenedwawo sakanabweza. Ukabweza pemphero umaoneka wolakwa ndiwe.

Pali mbali ina imene ndikugwirizana nawo kotheratu odandaulawo. Matukwano athu aakulu, aja oyamba ndi pa-, pafupifupi onse amatchula thupi la mkazi, makamaka la mayi wa munthu. Anyamata awiri akamaponyerana amenewo pa depoti akhoza kukhala mabwenzi enieni, koma mayi wotchulidwayo palibe pamenepo, ndipo mayi wina amene akudutsa ndi dengu la tomato akumva thupi lake likusanduka mwala wogendera. Iyeyo sanalowe nawo masewerawo. Chimodzimodzi liwu lakuti hule. Limatuluka mosavuta ngati nthabwala, koma mtsikana alibe liwu lolemera mofanana loti abwezere mnyamata. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi pamsewu, patatha zaka pafupifupi 20 lamulo loletsa zovalazo litachotsedwa. Manja amene anang'amba zovala aja anatsogoleredwa ndi pakamwa. Anthu anali atazolowera kukuwiza akazi ndi liwu limenelo tsiku ndi tsiku, ena n'kumaseka, mpaka tsiku lina kukuwa kokha sikunawakwanire.

Chitsanzo chimene chimandisowetsa tulo n'cha liwu limene mulibe kulaula ngakhale pang'ono. Ndinakwera minibasi m'chaka china cha zoopsa zija zochitikira anthu achialubino. Pa siteji ina panakwera mtsikana wachialubino, wa zaka ngati 15, atavala yunifolomu ndi chipewa chachikulu. Akuwerama kuti alowe, mwamuna wina kumbuyo ananena mokweza: "Adalaivala yendetsani bwino, mwanyamula ndalama umu." Ena anaseka. Mtsikanayo anakhala pansi, anakumbatira chikwama chake, maso ali pa nsapato zake mpaka pamene anatsikira. Ndinaona zala zake zikufinya lamba wa chikwamacho. Ndinakhala chete, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ndinakhala chete. Nthawi imeneyo anthu achialubino ankabedwa ndi kuphedwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Bungwe la Amnesty International linanena mu June 2016 kuti anthu osachepera 18 anali ataphedwa kuyambira November 2014. Mtsikana uja akanabweza chiyani? Liwu lakuti ndalama mukhoza kulitchula pa guwa, m'kalasi, pamaso pa apongozi. M'minibasi muja linali mpeni. Ndipo ndikudziwa kuti wina akanamudzudzula bamboyo, yankho likanakhala lomwe lija lakuti tikungocheza.

N'chifukwa chake kuseka kwa wonenedwa sikundikwanira ngati umboni. Bwana akamutcha wantchito wake mbuzi pamaso pa anzake, wantchitoyo amaseka, chifukwa kumapeto kwa mwezi kuli lendi. Tamuuzani abweze kuti "mbuzi ndinu bwana" muone ngati mawa adzapeze dzina lake pa mndandanda. Mwana wa fomu wanu amaseka akamanyozedwa ndi a fomu folo, chifukwa usiku agona nawo mu hositelo imodzi. Mtsikana wantchito zapakhomo amaseka akamatchedwa wakumudzi. Kuseka kumeneko n'kwa munthu amene wapanikizidwa pakhoma. Yerekezani ndi Maule ndi Manoma. Bullets ikagonja, ochemerera Wanderers amadzuka m'mamawa kukagogoda kwa neba kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Zimawawa ndithu, koma aliyense akudziwa kuti ligi ndi yaitali, tsiku likubwera pa Kamuzu Stadium pamene wogogodayo adzatseka foni. Chimene chimakometsa uneba ndi chakuti mpira umazungulira. Nthabwala za mitundu nazo zimayenda motero. Mchewa ndi Mtumbuka amene anagona chipinda chimodzi kukoleji akhoza kusekana za mbewa ndi za kalankhulidwe mpaka kukalamba. Koma liwu lomwelo lakuti mbwenumbwenu likatuluka m'kamwa mwa munthu amene ali ndi mphamvu yolemba kapena kuchotsa anthu ntchito, silikhalanso la pachinzake.

Mafoni abweretsa vuto lake, ndipo vutolo si lakuti ana aphunzira kutukwana. Ndi lakuti chipongwe chachotsedwa pansi pa mtengo wake. Pabawo paja telala akamati kape, mlonda akuona maso ake, akumva kanthetemya ka mawu ake, akulandira mtedza m'dzanja lomwelo. Pa WhatsApp zonsezo zimatsala, liwu limafika lokhalokha ngati fupa. Wina akalijambula n'kulitumiza kwina, anthu 500 amene sadziwa kuti awiriwa anadyera mbale imodzi zaka 30 amangowerenga "galu iwe". Ena amalumphirapo n'kuyamba kumutukwana munthu amene sanamuonepo, ngati mnyamata wa kabaza uja, koma popanda mlonda wowabweza. Ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene anthu amangidwa nalo chifukwa cha zolemba pafoni. Wapolisi ndi woweruza amawerenga liwu, ubwenzi sauwerenga. Ndimaopa lamulo lotere likamagwiritsidwa ntchito kuteteza akuluakulu a ndale ku pakamwa pa anthu wamba, pakuti wolamula ali ndi wailesi, ali ndi msonkhano, ali ndi pobwezera paliponse. Wofunika chitetezo ndi mtsikana wa m'minibasi uja.

Pa gulu la WhatsApp la anzathu a kusekondale tinatayapo munthu. Anali mnzathu wokonda kuseka, ndipo ankabweza bwino zedi. Koma zaka zinapita, anzake anabereka, iye ndi mkazi wake ayi. Wina anayamba kumutcha gojo. Poyamba ankatumiza tinkhope toseka. Kenako ankangowerenga. Tsiku lina m'mawa tinangoona kuti watuluka pagulu, ndipo woyambitsa uja analemba kuti, "Koma ndiye anthu ena sadziwa kucheza." Ayi ndithu, wosadziwa kucheza anali iyeyo. Anali ndi mutu wa mnzake, mimba yake, timu yake, galimoto yake yokankha, zonsezo zinali poyera zoti n'kuzigemula. Anasankha bala. Pabala munthu sabweza, chifukwa chilichonse chimene anganene chikungotsimikiza kuti pamupweteka. Panatenga miyezi kuti awiri a ife tipite kwawo kukakhala naye pakhonde, ndipo pagulupo sanabwererenso.

Luso la chipongwe lili pa kudziwa pamene suyenera kuponda, ndipo zimenezo umazidziwa pokhapokha ukamudziwa munthuyo. Ndiye chifukwa chake mlendo sangachite nawo. Ufulu wonena mnzako kuti galu umagulidwa, ndipo mtengo wake ndi zaka, maliro amene munagonera limodzi, ngongole zimene simunalembe. Makolo amene mukuda nkhawa ndi pakamwa pa ana anu, ndikuti musathere mphamvu pa "bho" ndi "aise". Mvetserani kuti akuseka ndani. Mwana wanu akamagemulana ndi mnzake wa msinkhu wake, onse n'kumagubuduka ndi phwete, musiyeni akunola nzeru. Koma mukamva akuseka mwana wachibwibwi, wamasiye, wakhunyu, kapena wa nsapato zong'ambika, muitaneni nthawi yomweyo ngakhale sanatchule liwu loipa ndi limodzi lomwe, ndipo mumufunse ngati mnzakeyo anaseka nawo kuchokera pansi pa mtima.

Ndibwerere pansi pa mango paja, chifukwa pali chinthu chimene ndinachizindikira mochedwa. Mlonda uja sadziwa kuwerenga. Zaka zonsezi telala wamunena mutu, mapazi, jekete, mkonono umene ankaliza pa ulonda, ngakhale kadyedwe kake ka mtedza, koma za sukulu sanazitchulepo ndi tsiku limodzi. Mwana wamkazi wa mlondayo ali ku Johannesburg ndipo amatumiza mauthenga pafoni. Foni ikalira m'jekete, mlonda amaitulutsa n'kuiyang'ana mokweza nsidze ngati dzuwa lamuthobwa. Telala amatambasula dzanja osadikira kupemphedwa. "Bweretsa kuno, maso okalambawo ungaone nawo chiyani." Amasendera pafupi, n'kumuwerengera chapansipansi kuti ife tisamve, nthawi zina kubwereza kawiri. Mlonda amagwedeza mutu, n'kubweza foni m'thumba. Telala amaloza bawo ndi chibwano. "Takata msanga kape iwe, dzuwa likulowa."